Dzina la Mng'ono Wanga

Lolemba, 2 Juni 1975

Chisanu chafika msanga chaka chino. Nkhungu paphiri mpaka teni koloko, macheka kungomveka kulira, osaoneka. Zala zauma, cholembera chikukana.

A Ackim, mkulu wa makalaliki kuno kochekera matabwa, anandiitana m'mawa. Akuti kukubwera mpando watsopano wa mlangizi wa za chuma, wothandiza antchito pa kasungidwe ka ndalama, penshoni ndi inshulansi. Woufuna akhale ndi setifiketi ya bungwe lina la ku Mangalande. Mayeso ku Blantyre mu Disembala, kulembetsa atseka pa 31 Julaye. Andipatsa fomu ndi timabuku titatu ta sukulu zophunzitsa kudzera m'makalata, akuti ndisankhe ndekha. "A Yohana, mutu muli nawo, chokudyani n'kuzengereza."

A Yohana. Zaka khumi ndikuvomera dzinali, koma lero landilasa. Ndilembe pano kamodzi, bukuli saliwerenga wina. Ine ndine Benedicto Chikakuda. Yohana ndi mng'ono wanga. Sitandade 8 ndinalemba kawiri osasankhidwa, ndipo kunamveka zoti obwereza sakuwayang'ananso. Malemu bambo anati ndikalembe pa dzina la Yohana, mwiniwake akadali Sitandade 5, zake tidzaziona. Ndinasankhidwa. Setifiketi zanga Yohana, khadi la chipani Yohana, malipiro Yohana. Mwini dzina sukulu inamuthera panjira, fizi ya awiri inasowa. Anapita kumigodi ku Joni zaka zisanakwane, pa chiphaso changa cha msonkho. Kumeneko ankamuti Benedicto. Wabwera mu Epulo ndi sutikesi, wailesi ndi chifuwa.

Lachinayi, 5 Juni

Timabuku tija ndatiwerenga mpaka maso kuwawa. Sukulu ya ku Blantyre yotchipa, pafupi, koma za inshulansi mulibe, chonsecho pamayeso zilipo. Ya ku London yokongola, pepala losalala, zithunzi za azungu akumwetulira atanyamula mabuku. Mtengo wake malipiro anga a miyezi inayi, ndipo phunziro lililonse lizibwera pa sitima ya pamadzi. Ndidzakhala nditamera imvi. Ya ku Halale yapakati, maphunziro makumi awiri, limodzi pa mlungu, amachonga n'kubweza. Koma makalata a kunja masiku ano amafika atatsegulidwa n'kumatidwanso, guluu ali mbuu.

Mkazi wanga Dorika akuti ndisankhe yotchipa, mbatatesi chaka chino sizinabereke. Wanenanso kuti ndikamawerenga ndimang'ung'udza ngati njuchi.

Fomu ya mayeso ikufuna zinthu ziwiri. Chithunzi chosayinidwa kumbuyo ndi dokotala, wansembe kapena woweruza milandu. Ndi umboni wa kubadwa, khadi la ubatizo lenilenilo, dzina logwirizana ndi la pa setifiketi. Apa ndiye mutu waima.

Lamulungu, 8 Juni

Kumudzi kwa Kaphuka kuyambira dzulo. Njinga yaphulika kawiri. Amayi ali bwino, miyendo basi. Yohana wawonda, jekete la ku Joni likumukhala ngati lobwereka. Tsiku lonse pamkeka kuseri kwa nkhokwe, pothawa mphepo.

Anaona timabuku m'thumba langa, anati achimwene tabweretsani. Chingerezi chake n'chakumigodi, chothyokathyoka, koma manambala! Kumbuyo kwa kabuku ka ku Halale kuli funso loyesera, la munthu wosunga ndalama zaka zisanu pa chiwongoladzanja. Ine linanditengera masamba awiri Lachinayi. Iye anangotsinzina, milomo ikugwedera, n'kunena yankho. Lolondola mpaka tambala. Anati ku komponi ya kumigodi anzake onse ankabwera kwa iye kuti awawerengere ngati akuwabera. Anaseka, kenako chifuwa chinamugwira nthawi yaitali.

Manyazi anandigwira. Pa ana a bambo, wanzeru anali uyu, ndipo tonse tinkadziwa.

Wasankha ya ku Halale. Akuti ya ku Blantyre n'khasu lopanda mpini, ya ku London n'ya anthu ofuna chithunzi. Akuti alipira ndiye, ndalama za ku Joni zikadalipo. Ndakana. Wati ndisamuphunzitse kudya ndalama zake.

Lachitatu, 11 Juni

Ndagonja. Anatumiza ndalamazo kudzera kwa woyendetsa lole ya mbatatesi, zomanga pa mpango, mfundo zitatu. Ndakazilipira ku positi ofesi nthawi ya nkhomaliro. Kalata yolembetsa sukulu yapita ku Halale. Dzina la wophunzira, Yohana Chikakuda. Wolipira, Yohana Chikakuda. Apa pokha sindinaname.

Ndalamazi zikanagula mankhwala. Dorika wanena zomwezo. Ndamukalipira, chonsecho akunena zoona.

Lamulungu, 15 Juni

Ku parishi. Misa itatha ndinadikira mpaka anthu onse atachoka. Bambo Gerevazio, wansembe wathu, akalamba, koma maso akadali akuthwa. Ndinapempha khadi la ubatizo la Yohana, ndi kuti andisayinire chithunzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati katekisimu anandiphunzitsa ndiwo, ukwati wanga ndi Dorika anadalitsa ndiwo, ndipo m'buku analemba Benedicto. Za kusukulu akuzidziwa, sanaululepo kwa munthu ndipo sadzaulula. Koma dzanja lawo silingalembe kuti nkhope iyi ndi ya Yohana. Khadi amapatsa mwiniwake basi.

Ndinati theka la makalaliki a m'boma muno akuyenda pa mayina a abale awo. Anati akudziwa, ena mwa iwo amaimba kwaya. Anandiuza kuti ndikalumbire kwa woweruza milandu, zonse zikonzedwe poyera.

Ndinatuluka osatsanzika. Ndapalasa njinga mtunda wonse ndikuwatukwana mumtima, Mulungu andikhululukire.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndafunsa a Ackim mozungulira, ngati za mnzanga wina wa ku Ntcheu. Anavula magalasi. Anati mnzangayo akakalumbira, setifiketi amulanda, ntchito imuthera, ndipo masiku ano munthu wa mayina awiri amafunsidwa mafunso ambiri, pena kumene akamufunsireko sabwerako msanga. "Mukamuuze mnzanuyo atseke pakamwa." Anavalanso magalasi. Akudziwa, ndaona.

Kuchokera ku Halale kuli zii.

Lamulungu, 22 Juni

Ndamuuza Yohana kuti zakanika, tiyese kuitanitsa ndalama zibwerere. Anafunsa mawu enieni amene ansembe ananena. Ndinabwereza. Anangoti ooh, n'kuyamba kukamba za mtengo wa feteleza.

Amayi anamva zonse ali pakhonde akusankha nyemba. Chiyambire tsiku lija malemu bambo anagamula za dzina, amayi sananditchulepo Yohana, ngakhale pamaso pa aphunzitsi. Akafuna kundiitana pagulu amangoti iwe.

Yohana akulavulira m'kachitini, n'kukabisa kuseri kwa mkeka. Ndinakaona. Muli magazi.

Loweruka, 28 Juni

Chitsiru cha munthu! Chitsiru chenicheni!

Lachiwiri, amayi ali kudimba, Yohana anadzuka n'kuyenda wapansi mpaka ku parishi. Mamailosi asanu ndi atatu, chiperoni chili waa tsiku lonse. Akuti anafika kwa Bambo Gerevazio n'kunena kuti ine ndine Yohana Chikakuda, ndabwera kudzatenga khadi langa la ubatizo. Ansembe akanati chiyani? Anamupatsa. Anamupatsanso tiyi ndi bulangete, anati agone konko, iye anakana. Pobwerera anagwa pa mlatho. Anamutola anthu ochokera kuchigayo, n'kumubweretsa pa ngolo.

Ndamupeza thupi lili moto, mawu osatuluka bwino. Khadi analisunga m'pepala la pulasitiki pansi pa pilo, louma bwinobwino, mwiniwake atanyowa mpaka mkati. Ndinamukalipira kuti ndani anamutuma. Anati palibe, khadi ndi lake, angalipatse amene wafuna. N'kundipatsira m'manja.

Ndinalandira. Ndilembe zoona: mtima unadumpha ndi chimwemwe ndisanayambe kulira. Ndine munthu wotani ine?

Kutsidya kwa malire Apwitikizi apita, mlungu wonse ng'oma. A Ackim akuti makalata a ku Halale mwina azichedwa.

Lachitatu, 2 Julaye

Tamubweretsa kuchipatala cha pa boma dzulo, pa lole. Mapepala ake a chipatala cha kumigodi ndi a Benedicto, ndiye alemba Benedicto. Anamwino akaitana dzinalo timatembenuka tonse awiri. Iye zikumuseketsa.

Adokotala amene akumuona ndi omwe amabwera kuntchito kwathu kudzapima antchito. Amandidziwa zaka zisanu ndi chimodzi monga a Yohana. Titatuluka m'wodi ndinatulutsa chithunzi, anasayina ataima pakhonde, osafunsa kanthu. Kenako anati m'bale wanuyu mapapo atha, muwauze amayi abwere. Ndinathokoza. Sindikudziwa kuti ndinathokoza chiti.

Dorika akuphika phala n'kupita nalo kawiri pa tsiku. Za ndalama zija sanazitchulenso.

Loweruka, 5 Julaye

Zonse zakwana. Fomu, chithunzi, setifiketi, khadi. Ndinazitengera kuchipatala kuti azione. Anawerenga fomu yonse pang'onopang'ono, chala pamzere, n'kupeza pamene ndinalakwitsa chaka chobadwa. Ndinalemba changa, 1947. Chake ndi 1951. Ndakonza. Envelopu anamata yekha ndi malovu ake.

Ndinafika ku positi atatseka kale. Tauni yonse mbendera, amayi a chipani akuyeserera nyimbo za mawa pabwalo. Lolemba n'holide. Ndidzaponya Lachiwiri.

Madzulo dzuwa lisanalowe anandigwira dzanja. "Achimwene, dzina langa mwaliyendetsa kutali. Musalisiye panjira ngati ine." Ndinati asiye zolankhula zopusa, amwe phala.

Lolemba, 7 Julaye

Yohana wapita. Leveni koloko m'mawa, amayi ali pambali pake. Ine ndinali kumsika kukamugulira malalanje.

Pa pepala la chipatala alemba kuti wamwalira Benedicto Chikakuda. Ndasayina monga m'bale wake.

Loweruka, 12 Julaye

Tinaika Lachitatu. Lero ndiye dzanja lalola kulemba.

Bambo Gerevazio anali ku msonkhano wa ansembe mlungu wonse, mabuku a parishi okhoma. Mwambo anabwera kudzatsogolera ndi akatekisiti atsopano, abwera chaka chatha, Yohana sanamuonepo. Munthu waulemu koma wa malamulo. Anaona pepala la chipatala, anafunsa kuti Benedicto ndi uti, anthu analoza ine. Anati nanga m'bokosimu muli yani. Akuluakulu anafotokoza monong'ona. Akatekisiti anati amva, koma munthu wakhala kumigodi zaka zisanu ndi ziwiri, m'kaundula wa mphakati mulibe, pepala likunena dzina lina. Popanda khadi la ubatizo sangalole kwaya kuimba, ndipo mtanda wa mpingo sungatsogole. Tikhoza kuika, koma mwakachetechete.

Amayi anati khadi lili ndi mkulu wakeyu.

Envelopu inali m'thumba la jekete, pachifuwa pangapa. Ndinati ndatumiza kale ku Mangalande. Ndinanena zimenezo, ine, mtembo wa mng'ono wanga uli m'nyumba. Ndinkadziuza kuti ndikuchita zimene iye anapempha. Mwinanso n'zoona, sindikudziwa.

Azimayi a kwaya anayamba kupinda nsalu zawo. Adzukulu anali atabwerako kumanda, akudikira. Pabwalo ponse zii, kumangomveka mbuzi. Amayi sanalire, sanandiyang'ane. Anangokhala pansi pafupi ndi bokosi n'kuyamba okha nyimbo ija ya oyera mtima, palibe wowalandira poti sizinaloledwe. Anaimba ndime yonse okha.

Ndinang'amba envelopu pamaso pa anthu onse. Chithunzi chinagwa m'fumbi. Akatekisiti anawerenga khadi mokweza, Yohana, mwana wa Petulo ndi Magadalena, wobatizidwa 1951. Anatulutsa cholembera chofiira, anajambula kamtanda pakona monga amachitira, n'kulemba tsiku lomwalira. Anati kwaya iyambe.

Anaimba bwino kwambiri, mpaka kumanda. Zoti ndinanama palibe wanditchulira, ngakhale Dorika. Bola akananditukwana.

Lolemba, 21 Julaye

Ndabwerera kuntchito. Mutu wometa ukuzizira. Aliyense pepani a Yohana, pepani a Yohana, tamva a Benedicto atisiya. Ndikuvomera.

Dzulo ndinapita ku parishi, Bambo Gerevazio abwera. Sindinapemphe kanthu, anayamba okha. Anati m'buku lalikulu alembamo kale, pambali pa dzinalo pali kamtanda, khadi lina silingatulukenso chaka chino kapena chaka china chilichonse. Anati akanakhalapo sakanafunsa khadi, mwanayo ankamudziwa. Misozi inalengeza m'maso mwawo. Zandipweteka kuposa tsiku lija anandikaniza.

Mtanda wa pamanda ndalemba ndine, poti akuti ndili ndi dzanja labwino. Penti yoyera, zilembo zisanu ndi chimodzi. Dzanja linazolowera, linangoyenda lokha ngati ndikusayina malipiro.

Lachinayi, 31 Julaye

Kulembetsa mayeso atseka lero. A Ackim anafunsa ngati ndinatumiza. Ndinati ayi, ndinazengereza. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anati mpandowo ndiye upita kwa munthu wochokera ku Zomba.

Masana mesenjala wabweretsa kalata. Envelopu yaikulu yakhaki, sitampa ya ku Halale, yotsegulidwa n'kumatidwanso. Phunziro loyamba. Yayenda milungu isanu ndi iwiri. Ndaiika m'dirowa, kenako ndaitulutsa, kenako m'thumba.

Loweruka, 2 Ogasiti

Kwa Kaphuka. Mphepo, fumbi. Amayi ayamba kudya pang'ono. Mkeka uja ukadali kuseri kwa nkhokwe, palibe wauchotsa.

Ndinakhala pomwepo n'kutulutsa envelopu. Ndimati ndingoona zimene analipira, mwina ndiziwerenga chabe, popanda mayeso. Chala chili kale pakona, amayi anatulukira ndi lichero. Kuwerenga sadziwa. Anafunsa kuti kalatayo ndi ya yani. Ndinati ya sukulu. Anati sanafunse kumene yachokera, afunsa dzina limene lili pamwambapo.

Ndinati Yohana.

"Ndiye ukutsegulira chiyani kalata ya mwini, Benedicto?"

Sanakalipe. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa. Anaipukuta ndi nsalu yawo, analowa nayo m'nyumba. Ndinamva sutikesi ya ku Joni ikutsegulidwa, kenako ikutsekedwa.

Zatsala envelopu khumi ndi zisanu ndi zinayi. Zizibwera mlungu uliwonse mpaka Disembala, zonse zolipiridwa kale. Lolemba mesenjala akadzaima pakhomo la ofesi n'kuitana kuti a Yohana kalata yanu, ine ndidza...